LIBERIA: Mtengo wa labala umachedwa kukula, koma wa pamsika suchedwa kugwa

M'chaka cha 1926 boma la Liberia, motsogozedwa ndi Pulezidenti Charles D. B. King, linapangana ndi kampani ya ku America ya Firestone kuti ibwereke malo okwana maekala 1 miliyoni kwa zaka 99, pa mtengo wa masenti 6 pa ekala iliyonse yomwe yagwiritsidwa ntchito. Pangano limenelo likanatha m'chaka cha 2025, koma linakonzedwanso mu 2005 ndi mu 2008, ndipo tsopano lidzafika mpaka 2041. Patadutsa zaka pafupifupi 100, labala akadali mbewu yaikulu yomwe dzikolo limagulitsa kunja. Funso lomwe alimi, antchito ndi boma akulimbana nalo ndi lakuti kodi ulimi umenewu ungapitirire kudyetsa anthu amene amaugwira, kapena uzingopindulitsa ogula a kutali.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mtengo weniweniwo. Labala wachilengedwe, amene ena amamutcha mphira, ndi utomoni woyera ngati mkaka wochokera ku mtengo wa Hevea brasiliensis, womwe kwawo ndi ku nkhalango za Amazon. Owerenga a ku Malawi amaudziwa mtengowu pa esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay. Wantchito amalawira m'mamawa kusanatenthe, n'kucheka khungwa pang'ono mopingasa, ndipo utomoni umadontha m'kachikho komangiriridwa pa thunthu. Akacheka mozama, mtengo umavulala. Mbande ikabzalidwa pamatenga zaka 6 kapena 7 isanayambe kukamidwa, kenaka imapereka utomoni kwa zaka 25 mpaka 30. Ikakalamba iyenera kudulidwa ndi kubzala ina, ndipo mwini munda ayenera kudikiranso zaka 7 popanda cholowa m'thumba.

M'Chichewa mawu akuti "mtengo wa labala" ali ndi matanthauzo awiri, chomera ndi ndalama zogulira, ndipo womasulira nkhani ngati iyi amayenera kusamala pa chiganizo chilichonse. Koma vuto la ulimiwu lagona pomwepo. Chomeracho chimayenda pa zaka, pamene mtengo wa pamsika umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo umakhazikitsidwa ku misika ya ku Asia monga ya ku Singapore, Shanghai ndi ku Japan. Gawo lalikulu la labala wachilengedwe, pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse, limapita ku matayala. Choncho malonda a galimoto akachepa ku China, kapena mafuta akatsika n'kutchipitsa labala wopangidwa m'fakitale, mlimi wa ku Liberia amamva ululu wake.

Izi zinaoneka bwino m'zaka zapitazi. Mu Febuluwale 2011 kilogalamu imodzi inkagulidwa madola oposa 6 a ku America. Alimi a m'mayiko ambiri anali atabzala mitengo yochuluka pa nthawi imene malonda ankakwera. Mitengoyo itakula, labala anasefukira pamsika, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2016 kilogalamu inali itatsika kufika pansi pa dola imodzi ndi theka. Mu 2019 kampani ya Firestone inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 800 ku Liberia, ponena kuti ikutaya ndalama. Ngakhale kubwera kwa kampaniyo kunayamba ndi nkhani ya mtengo: mu 1922 dziko la Britain linachepetsa labala wotuluka ku Malaya ndi ku Ceylon kuti akwere mtengo, ndipo Harvey Firestone anayamba kufunafuna malo oti azilima yekha.

Pangano la 1926 linabwera ndi ngongole ya madola 5 miliyoni, yomwe inaika ndalama za boma la Liberia m'manja mwa alangizi akunja. Antchito ambiri a m'zaka zoyambirira ankasonkhanitsidwa kudzera mwa mafumu, nthawi zina mokakamiza. Esiteti ya ku Harbel, yomwe dzina lake linachokera ku mayina a Harvey ndi mkazi wake Idabelle, inakula n'kukhala ngati boma palokha, yokhala ndi nyumba, sukulu ndi chipatala chake. Chuma cha dziko chinakwera pa mapepala, koma akatswiri a ku America omwe anachifufuza anatcha buku lawo la mu 1966 kuti Growth Without Development, kutanthauza kukula kopanda chitukuko. Mpaka lero labala wa ku Liberia amatuluka m'dzikomo asanasanduke tayala.

Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa 1989 ndi 2003 inaononga chinthu chomwe sichikonzeka msanga. Minda sinabzalidwenso, ndipo mitengo yambiri inakamidwa mwaumbombo ndi anthu ofuna ndalama za tsiku lomwelo. Esiteti ya Guthrie inakhala m'manja mwa asilikali akale mpaka 2006, pamene boma linailanda mothandizidwa ndi asilikali a bungwe la United Nations. Mtendere utabwera, dzikolo linapezeka ndi mitengo yokalamba yambiri.

Pa nkhani ya antchito, chomwe chinavuta kwambiri ndi mgwazo. Wokama utomoni ankapatsidwa mitengo mazanamazana pa tsiku, ndipo akalephera kumaliza malipiro ankadulidwa. Antchito ankati njira yokha yomalizira inali kutenga mkazi ndi ana kuti akathandize, komanso ankasenza okha zidebe zolemera pa mapewa ulendo wautali kukayezetsa. Mu 2005 nkhaniyi inapita ku khoti ku America. Mu 2011 khoti la apilo linagamula mokomera kampaniyo, yomwe kuyambira 1988 ili pansi pa Bridgestone ya ku Japan. Kusintha kwenikweni kunachokera kwa antchito eni ake. Mu 2007 anasankha atsogoleri atsopano a bungwe lawo, ndipo pangano la mu 2008 linakweza malipiro ndi kuchepetsa mgwazo. Madandaulo sanathe m'gawoli: mu 2024 antchito okwiya anatentha nyumba za kampani pa esiteti ina ya Salala, ndipo eni ake, a Socfin, anaigulitsa chaka chomwecho.

Komabe wantchito wa pa esiteti yaikulu ali ndi pogwira, chifukwa ali ndi bungwe, sukulu ya ana ndi chipatala. Amene ali pa mphepo ndi mlimi wamng'ono, wa maekala ochepa, amene amagulitsa utomoni wouma m'zikho kwa ogula oyendayenda kapena ku fakitale. Iyeyu alibe ndalama zodikirira zaka 7, choncho amapitiriza kukama mitengo yotopa yomwe imapereka zochepa chaka ndi chaka. Mtengo ukagwa, kampani imachepetsa antchito n'kudikira. Mlimi sangachepetse banja lake.

Boma layesa kangapo kuletsa kutumiza kunja labala wosakonzedwa, monga momwe anachitira Pulezidenti George Weah kumapeto kwa 2023. Cholinga chake n'chomveka: labala azikonzedwa m'dzikomo kuti ntchito ndi misonkho zikhale pakhomo. Koma alimi ang'onoang'ono ambiri anadandaula kuti lamulo lotere limawasiyira ogula owerengeka, amene akhoza kutchula mtengo womwe afuna. Apa alimiwo ali ndi mfundo. Kutseka chipata kumathandiza fakitale, koma kumathandiza mlimi pokhapokha mafakitale ali ambiri opikisana, kapena pali njira yoonekera poyera yowerengera mtengo.

Dziko loyandikana nalo la Côte d'Ivoire likusonyeza njira ina. Kumeneko labala wambiri amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, ena mwa iwo omwe anasiya koko atakopeka ndi mbewu yopereka ndalama pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo mtengo wogulira kwa mlimi umalengezedwa mwezi ndi mwezi potsatira msika wa dziko lonse. Dzikolo tsopano limakolola matani oposa 1 miliyoni pa chaka, kuposa dziko lina lililonse mu Africa. Nakonso alimi amalira mtengo ukagwa, koma ogula ndi ochuluka.

Pali vuto linanso lochokera ku Ulaya. Mu 2023 mgwirizano wa European Union unakhazikitsa lamulo loti labala ndi mbewu zina zisamalowe pamsika wake ngati zalimidwa pa malo omwe nkhalango inadulidwa pambuyo pa chaka cha 2020, ngakhale tsiku loyambira kugwira ntchito lakhala likusunthidwa. Wogulitsa adzayenera kusonyeza malo enieni a munda. Esiteti yaikulu ili ndi mapu ndi makalata. Mlimi wa kumudzi, amene malo ake ndi a makolo, kawirikawiri alibe pepala lililonse, ngakhale lamulo la malo la mu 2018 linavomereza umwini wa malo a midzi.

Zonsezi zikubwerera ku nkhani ya kubzalanso, ndi ya yemwe adzalipire zaka zodikira. Mbande yobzalidwa m'chaka cha 2026 idzayamba kukamidwa cha m'ma 2033, ndipo pamene pangano la Firestone lizidzatha mu 2041, idzakhala isanafike ndi pakati pomwe pa zaka zake zopereka utomoni.