Mbaula ya m'chipinda inatsala pang'ono kutipha

Unali mwezi wa June, chiperoni chitavuta ku Blantyre. Ine ndi mng'ono wanga tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Chilomoni. Tsiku limenelo magetsi anazima, ndiye tinaphika nsima pa mbaula pakhonde. Titatha kudya, makala anali adakali ofiira, opanda utsi ngakhale pang'ono. Tinangoti bwanji tiwalowetse tiwothe. Tinatseka chitseko ndi windo, ndipo mpata wa pansi pa chitseko tinautseka ndi chitenje chakale kuti mphepo isalowe.

Sindikumbukira kuti tulo tinatigwira nthawi yanji. Chimene ndimakumbukira ndi mutu kuwawa ngati wina akuukhoma ndi hamala, nseru, komanso miyendo kukana kudzuka. Mwamwayi, mayi eni nyumba anabwera kudzabwereka machesi oyatsira kandulo. Atagogoda osayankhidwa, anakankha chitseko poti tinali tisanakhome.

"Ana inu, mbaula m'nyumba yotseka? Mukufuna kufa eti?"

Anatikokera panja, mbaula n'kuitulutsa, kenako anatiperekeza kuchipatala. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa zimene zinachitika, ine amene ndinkadziona ngati wophunzira chifukwa cha digiri.

Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, ndipo makala ofiira bwino aja amautulutsabe. Ukalowa m'mapapo umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200, ndiye ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya. Munthu wogona samva kanthu, amangopitirira. Mukaona anthu a m'chipinda chimodzi onse akudandaula mutu, chizungulire ndi nseru pafupi ndi mbaula, atulutseni msanga ndipo thamangirani kuchipatala.

Utsi umapha pang'onopang'ononso. Bungwe la WHO linati mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Chibayo, sitiroko ndi matenda a mtima ndi ena mwa matendawo. Kwathu kuno, kumene mabanja ambiri amaphikira nkhuni kapena makala, nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Chichokereni kuchipatala, ndinayamba kuona zina zimene tinkangoti n'zachizolowezi. Tinkakolezera makala ndi majumbo, n'kumapuma utsi wa pulasitiki womwewo. Pano timagwiritsa ntchito timitengo touma kapena zitsononkho. Tinkayatsa koyilo wa udzudzu usiku wonse mawindo ali otseka. Pano timagona mu neti basi. Nthawi ya dzinja khoma la kuseri kwa bedi linkachita nkhungu yakuda, ife n'kumangopopera mankhwala onunkhira. Fungo limabisika, koma nkhungu imakhalapobe, ndipo imavutitsa kwambiri anthu a mphumu. Tinasuntha bedi pang'ono kuti mphepo izidutsa, tinatsuka khomalo, ndipo tinasiya kuyanika zovala zonyowa m'chipinda.

Pa Instagram mudzaona zithunzi za nyumba zodzaza ndi maluwa a m'miphika, ati amayeretsa mpweya. Maluwa ndi okongola, nanenso ndili nawo awiri, koma sangalowe m'malo mwa windo lotsegula. Ngakhale kuzizire bwanji, m'mawa uliwonse timatsegula windo ndi chitseko nthawi imodzi kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Timabowo ta pamwamba pa windo, timene ambiri amatseka ndi makatoni, tinaikidwa dala. Tisiyeni totsegula.

Amene amaphikira nkhuni angayese Chitetezo mbaula, ija yadongo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, motero mitengo imapulumukako. Amene thumba likulola, gasi alibe utsi ngati wa makala. Koma chilichonse choyaka moto chimafuna mpweya, choncho phikirani panja kapena pamalo potseguka.

June akafika, mng'ono wanga amandikumbutsa usiku uja kenako timaseka, ngakhale kuti si nkhani yoseketsa. Tinapita ku kaunjika n'kugula bulangete lachiwiri ndi masokosi okhuthala. Mbaula imagona pakhonde, titaizimitsa ndi madzi.