Kanema Wopanda Kamera ndi Mbiri ya Dooko la Katunga

M'zaka za m'ma 1880 pa Katunga, m'boma la Chikwawa, panali dooko lodziwika. Sitima za kampani ya African Lakes, imene anthu aitcha Mandala, zinali kukwera mtsinje wa Shire kufikira pamenepo, pakuti kumtunda mathithi a Kapichira anatseka njira. Amtengatenga ndiwo anali kusenza katundu pamutu, nakwera naye mapiri kunka ku Blantyre. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo ulendo umenewu unatha.

Kufikira posachedwa, munthu wofuna kuonetsa mbiri yotere pa kanema anali kugwa mphwayi poganizira ndalama zokhomera sitima, zosokera zovala ndi zolipira khamu la osenza katundu. Tsopano zinthu zatembenuka chifukwa cha nzeru za makompyuta zotchedwa AI. M'mwezi wa February 2024 kampani ya OpenAI ya ku America inaonetsa Sora: munthu angolemba mawu ofotokoza chimene afuna, makina natulutsa zithunzi zoyenda. M'chaka cha 2025 Google inatulutsa Veo 3, imene iwonjezapo mawu a anthu ndi phokoso. Ku Hollywood ochita masewero anayamba kale kuda nkhawa. M'chaka cha 2023 ananyanyala ntchito masiku 118, ndipo china mwa zifukwa chinali kuopa kuti makina adzatenga nkhope zawo.

Koma ku Chigwa cha Shire vuto lagona pena. Makinawa aphunzira poona zithunzi miyandamiyanda za pa intaneti, zambiri za maiko akutali. Wopempha sitima ya pa Shire angathe kupatsidwa ya pa Mississippi, ndi mafumu a Amakololo, amene anadza ndi David Livingstone, atavekedwa ngati Amaasai a ku Kenya. Chithunzicho chidzaoneka chokongola ndithu, ndipo mwana wa sukulu, amene sanaonepo china, sadzakayika konse.

Zithunzi zenizeni za nthawi imeneyo zasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi, m'nyumba ya Mandala ku Blantyre. Zina, monga kapindidwe ka nkhata ndi maina a malo opumulirapo panjira, n'zofunsa kwa nkhalamba za kwa Katunga, kwa Maseya ndi kwa Kasisi, zimene zinamva kwa agogo awo. Pa ntchito imeneyi mphunzitsi safuna zida zamtengo wapatali. Foni ya m'manja ikwanira kujambula mawu awo m'Chimang'anja.