Zinthu 8 zodabwitsa za Alpha Omega, bungwe limene madokotala a mano achiyuda amalereramo ophunzira

Dzino likamawawa pakati pa usiku, palibe amafunsa kuti dokotala amene alizule amapemphera kuti. Koma ku America kunali nyengo imene sukulu zophunzitsa madokotala a mano zinkafunsa funso limenelo, kwina mwakachetechete, kwina molemba pa fomu penipeni. Bungwe la Alpha Omega linabadwa m'nyengo imeneyo, ndipo lakhala zaka zoposa 100 chifukwa cha mwambo umodzi: amene watsiriza sukulu satembenukira kumbali, amatambasulira dzanja amene akubwera m'mbuyo mwake.

1. Analiyambitsa ndi ana asukulu, opanda wamkulu wowatsogolera

Munthu akamva za bungwe la madokotala amaganiza za akuluakulu a imvi atakhala pa tebulo. Alpha Omega inayamba mu 1907 mu mzinda wa Baltimore, m'chigawo cha Maryland, ndipo oyambitsa ake anali anyamata oti sanalandirebe satifiketi. Ku Philadelphia kunali kagulu kena ka ophunzira achiyuda kotchedwa Ramach, ndipo magulu awiriwa anaphatikizana mu 1909. M'zilembo za Chiheberi, mawu akuti Ramach amawerengedwanso ngati nambala 248, yomwe pa chiphunzitso chakale cha Ayuda ndi chiwerengero cha ziwalo za thupi la munthu. Kwa anthu ophunzira za thupi, dzinali linagwera pake.

Baltimore nayo ili ndi mbiri yake: kumeneko ndi kumene kunatsegulidwa koleji yoyamba pa dziko lonse yophunzitsa za mano, mu 1840. Anyamata a mu 1907 aja analibe "achimwene" owapatsa malangizo. Iwo eni, atatsiriza n'kutsegula zipatala zawo, ndi amene anakhala achimwene oyamba.

2. Dzina lake amalidziwa kwambiri ndi Akhristu

Aliyense amene anakulira m'tchalitchi, akamva "Alefa ndi Omega" amakumbuka buku la Chivumbulutso. Nanga bungwe la Ayuda linatenga bwanji dzina lotere? Nkhani yake si ya chipembedzo. Alefa ndi chilembo choyamba cha Chigiriki, omega chomaliza, ndipo kuyambira mu 1776, pamene kunayamba gulu la Phi Beta Kappa ku Virginia, ophunzira a ku America akhala akutcha mabungwe awo a pachibale ndi zilembo za Chigiriki. Ophunzira za mano anali nawo kale awo: Delta Sigma Delta ya mu 1882 ndi Xi Psi Phi ya mu 1889, onse a ku yunivesite ya Michigan, ndi Psi Omega ya mu 1892 ya ku Baltimore komweko.

Mabungwe otere sanali a maphwando okha. Membala ankapeza pogona, mnzake wa kalasi yapamwamba womuuza zimene mphunzitsi wakutiwakuti amakonda kufunsa, ndiponso njira yopezera ntchito akatsiriza. Masiku amenewo zitseko za mabungwe ambiri a ophunzira zinali zotseka kwa Myuda. Kukanidwa kumeneko kunali kumanidwa zonsezi pakamodzi.

3. Ena ananyamula manyazi zaka 60 pa mlandu umene sanapalamule

Apa ndiima pang'ono, chifukwa popanda nkhani iyi zotsatirazi zingaoneke ngati kukonderana chabe.

Kumayambiriro kwa 1945, nkhondo yolimbana ndi Hitler isanathe n'komwe, manyuzipepala a ku America anaulula lipoti la Harlan Horner, mlembi wa komiti yoona za maphunziro m'bungwe la American Dental Association. Lipotilo linkadandaula kuti m'sukulu za mano za ku New York mwachuluka ophunzira a mtundu umodzi. Aliyense anadziwa mtundu umene unkanenedwa.

Zoopsa kwambiri zinachitika ku yunivesite ya Emory, mu mzinda wa Atlanta. Kuyambira mu 1948 mpaka mu 1961, pamene mkulu wa sukulu ya mano anali John Buhler, ophunzira achiyuda 65 pa 100 aliwonse anachotsedwa sukulu kapena kubwerezedwa kalasi. Ena ankauzidwa pamaso kuti Ayuda alibe manja a ntchito imeneyi. Fomu yofunsira malo inafika pomufunsa munthu ngati ndi mzungu, Myuda kapena wa mtundu wina. Bungwe la Anti-Defamation League litasonkhanitsa ziwerengero n'kupita nazo kwa akuluakulu a yunivesite, Buhler anatula pansi udindo mu 1961, koma sukuluyo sinavomere kuti inalakwa.

Mmodzi mwa ochotsedwa anali Perry Brickman, amene analandira kalata yake mu 1952. Anakayambiranso ku yunivesite ya Tennessee, anakhoza bwino kwambiri, ndipo anadzakhala dokotala wochita maopaleshoni a m'kamwa ku Atlanta komweko. Koma nkhaniyo anaisunga mumtima. Anzake nawonso anachita chimodzimodzi: aliyense ankayesa kuti walephera yekha, kuti wachititsa manyazi makolo amene anadzimana kuti iye aphunzire. Mu 2006 Brickman anaona ziwerengero zija pa chionetsero cha mbiri ku Emory, ndipo anayamba kufunafuna anzakewo mmodzimmodzi n'kujambula umboni wawo pa vidiyo. Mu Okutobala 2012 mtsogoleri wa yunivesite, James Wagner, anapepesa pamaso pa madoda a zaka za m'ma 70 ndi 80. Sukulu ya manoyo inali itatsekedwa kale mu 1992.

Chimene chinawapweteka nthawi yaitali chinali kukhala chete, aliyense kwayekha. Wophunzira amene ali ndi wamkulu womuuza kuti "zimenezi zinandichitikiranso ine, vuto si iwe" salemedwa ndi katundu wotere zaka zonsezo.

4. Mphatso ina yamtengo wapatali ndi botolo la mano ozulidwa

Musanyansidwe msanga. Wophunzira za mano asanaloledwe kukhudza m'kamwa mwa munthu, amayeserera pa nsagwada zapulasitiki zomangidwa m'mutu wa chidole. Koma pulasitiki siuma ngati dzino lenileni, ndipo ilibe timitsempha topindikapindika ta m'mizu. Chotero sukulu zambiri za ku America zimauza ophunzira kuti abwere ndi mano enieni, ozulidwa kale, oti aziphunzirirapo kuboola, kumata ndi kutsuka m'mizu. Manowa sagulitsidwa m'golosale. Wophunzira amayenda m'zipatala za madokotala, kusiya mabotolo a mankhwala opha tizilombo, n'kudzabweranso patapita miyezi kudzaona zimene zagweramo.

Mano a kumapeto kwa nsagwada amapezeka mosavuta chifukwa amazulidwa kawirikawiri. Osowa ndi akutsogolo amene ali athunthu, pakuti palibe dokotala amazula dzino labwino lakutsogolo popanda chifukwa chachikulu. Apa ndi pamene zimaonekera kusiyana kwa wophunzira wobwera yekha mu mzinda wachilendo ndi amene ali ndi mndandanda wa madokotala a bungwe lake. Woyambayo amagogoda ngati wopempha. Wachiwiriyu amaimba foni n'kutchula nthambi yake.

Thandizo lambiri limene akulu amapereka ndi la mtundu womwewu, laling'ono poliona. Kulola wophunzira kuima pambali tsiku lonse akuonerera mmene dokotala amalankhulira ndi wodwala wamantha. Kulemba kalata yomuchitira umboni akafuna kupitiriza maphunziro a ukatswiri. Kumuwerengera kontrakiti yake yoyamba asanasaine. M'kalasi amaphunzitsa kumata dzino, koma saphunzitsa mokwanira za lendi, malipiro a antchito ndi makampani a inshuwaransi.

5. Kutsiriza sukulu si kutuluka m'bungwe

Alpha Omega ili ndi nthambi za mitundu iwiri: za ophunzira, zimene zili pa sukulu, ndi za madokotala amene anatsiriza kale, zimene zili m'mizinda. Munthu amangochoka m'nthambi yoyamba kulowa m'yachiwiri. Nthambi za akulu zimakonza misonkhano ya madzulo, pamene anthu amadya pamodzi kenako katswiri n'kukamba za luso latsopano. Madokotala a ku America ndi ku Canada amafunika kupitiriza kuphunzira kuti chiphaso chawo chikhalebe chogwira ntchito. Ophunzira amaitanidwa ku misonkhano yotere, ndipo kawirikawiri mbale yawo amalipira ndi akulu kapena amaitsitsa mtengo.

Mbale imodzi ya chakudya ingaoneke yochepa, mpaka mutadziwa mmene thumba la wophunzirayo lilili. Ku America munthu amayamba watenga digiri yoyamba, kenako n'kuchita zaka zina 4 za mano, ndipo m'zaka zaposachedwapa amene amatsiriza ndi ngongole amatuluka ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 300,000 aliyense, tikagawa mofanana. Ngongole yotere akulu sangaibweze. Chimene angathe ndi kumukhazika mnyamata kapena mtsikanayo pafupi ndi dokotala amene akufuna womuthandiza, kapena amene akuganiza zopuma n'kugulitsa chipatala chake. Paja kupatsa n'kuika: wopumayo nayenso amafuna munthu wodalirika womusiyira odwala ake.

6. Anafika pomangira ophunzira sukulu yathunthu

Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948 linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano; amene analipo anaphunzira kunja. Mamembala a Alpha Omega anasonkha ndalama, ndipo mu 1953 sukulu inatsegulidwa ku Jerusalem, pansi pa Hebrew University ndi bungwe la Hadassah. Mpaka lero mawu onena kuti inakhazikitsidwa ndi Alpha Omega amalembedwa pamodzi ndi dzina la sukuluyo. Bungweli linathandizanso sukulu yachiwiri, ya ku yunivesite ya Tel Aviv, imene inayamba m'zaka za m'ma 1970. Anthu amene makolo awo pa ntchito ankawerengedwa pa chipata kuti asachuluke ndiwo anadzamanga chipata chawo.

 

7. Odwala ena amene sawalipiritsa anapulumuka kwa Hitler

Mu 2015 bungweli, mogwirizana ndi Henry Schein, kampani yaikulu yogulitsa zipangizo za madokotala a mano, linayamba kuthandiza mwaulere okalamba osauka amene anapulumuka chipululutso cha Ayuda cha ku Ulaya. Ntchitoyi inayamba m'mizinda 9 ya ku America ndi ku Canada, kenako inafalikira kwina. Ambiri mwa okalambawa anakula ndi njala m'misasa ndi m'malo obisala, pa msinkhu umene mano amakhala akukhwima, ndipo ku America inshuwaransi ya boma ya okalamba, Medicare, mwachizolowezi silipira zomata dzino kapena mano oikirira. Madokotala amapereka nthawi yawo, opanga mano oikirira amapereka luso lawo. Amene ankatsogolera Henry Schein nthawi imeneyo, Stanley Bergman, anabadwira ku Port Elizabeth ku South Africa, kumene makolo ake anathawira kuchokera ku Germany mu 1936.

Ndaika zimenezi pa mndandanda wa thandizo la ophunzira mwadala. Wachinyamata amene waona mlangizi wake akukhala maola awiri ndi gogo woti salipira kalikonse, akumufotokozera pang'onopang'ono chilichonse asanamugoneke pa mpando chifukwa gogoyo amaopa anthu ovala makhoti oyera, waphunzira chinthu chimene sichifunsidwa pa mayeso.

8. Lero khomo ndi lotseguka kwa amene si Myuda

Mabungwe a pachibale ali ndi vuto lake lodziwika: amene ali mkati amakwera, amene ali kunja amatsalira, ndipo gulu lobadwa chifukwa cha tsankho likhoza kudzayamba tsankho lake. Alpha Omega inayankha potsegula khomo. Imasungabe chikhalidwe chake chachiyuda, koma amalowamo amuna ndi akazi a zipembedzo ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo ili ndi nthambi kunja kwa America, monga ku Toronto, ku London ndi ku Israel. Ngakhale dzina analisintha. Mawu achingerezi otanthauza gulu la abale aamuna anawachotsa, ndipo tsopano limatchedwa Alpha Omega International Dental Society.