Akatswiri a Maganizo

Kodi cilonda ca mumtima cimaoneka ndi maso? Iyai. Mwana amene amai ake amwalira angaleke kudya, kugona ndi kusewera. Mwana wotere afunika thandizo.

Pali anthu amene amaphunzira nchito yothandiza obvutika mumtima. Maphunziro ao amachedwa saikoloji. Amaphunzira mmene munthu amaganizira, ndi zimene zimabweretsa mantha, mkwiyo ndi cisoni. Ena amaphunzira pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966.

Akatsiriza maphunziro, amagwira nchito m'zipatala ndi m'masukulu. Iwo salasa nyeleti. Amakhala pansi ndi kumvetsera bwino. Mwana akalephera kufotokoza, amamupatsa pepala kuti ajambule zimene zikumubvuta. Pang'onopang'ono mtima umapola.

Mwana wobvutika mumtima asakhale cete. Auze makolo kapena aphunzitsi.