Disiki yoikirira si ya msana uliwonse

Odwala amene ali ndi abale ku Joni, kapena amene amawerenga pafoni za zipatala za ku India, akhala akundifunsa za opaleshoni yochotsa disiki yowonongeka pamsana kapena pakhosi n'kuikirirapo ina. Opaleshoniyo ilipodi, ndipo amene ikuwayenera imawathandiza. Koma ine ngati dokotala wa mafupa ndinene mosabisa kuti ambiri amene amakwera mapiri a Chikwawa kudzationa ku Blantyre saifunika n'komwe.

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pake pali madisiki 23. Disiki imagwira ntchito ya nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko: imalandira kulemera kuti fupa lisakhulane ndi linzake. Kunja kwake n'kolimba, mkati mwake n'mofewa. Munthu akamakula disiki imauma n'kuphwa, ndipo ikang'ambika zamkatizo zimatuluka n'kupanikiza mtsempha. Apa m'pamene ululu umatsika ndi mwendo mpaka kuphazi, kapena kuchoka pakhosi kukafika kuzala, limodzi ndi dzanzi.

Njira yakale ndi yochotsa disikiyo n'kulumikiza mafupa awiriwo kuti akhale limodzi. Ululu umachepa, koma pamalopo sipapindikanso, ndiye madisiki oyandikana nawo amasenza katundu wochulukirapo. Pofuna kupewa zimenezi, madokotala a chipatala cha Charité ku Berlin, Kurt Schellnack ndi Karin Büttner-Janz, anakonza disiki ya tizitsulo tiwiri tokhala ndi pulasitiki pakati, n'kuyamba kuikira odwala mu 1984. Dziko la America linaivomereza mu 2004. Anthu amadabwa ndikawauza kuti poika disiki yoikirira dokotala sang'amba kumbuyo. Ya pakhosi amalowera kutsogolo, n'kukankhira kholingo ndi m'mero pambali. Ya m'chiuno amalowera pamimba, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Ndi opaleshoni yaikulu, yokwera mtengo, ndipo siyenera munthu wa mafupa ofooka, wa matenda olowa m'fupa, kapena amene mfundo za kumbuyo kwa msana wake zinaperepeseka kale. Ekisire yokha singatiuze zambiri pa disiki chifukwa imaonetsa mafupa. Pamafunika makina a MRI.

Disiki yong'ambika nthawi zambiri imapola yokha pakati pa masabata 6 ndi 12. Bambo wodula nzimbe ku Nchalo, amene amawerama ndi chikwanje tsiku lonse, kapena mnyamata wa kabaza wa ku Bangula, amachira ndi mankhwala ochepetsa ululu, kuyenda pang'onopang'ono ndi mafizo. Kugona pamphasa mwezi wathunthu kumangoumitsa msana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuchigwa cha Shire ndi china. Chifuwa chachikulu sichithera m'mapapo, chimalowanso m'mafupa a msana n'kuwadya mpaka kuphwanyika. Wodwala amabwera ataonda, akutuluka thukuta usiku, ndipo ndikayendetsa chala pamsana pake ndimapeza fupa limodzi latuluka, linunda likuyamba. Kawirikawiri m'mbali mwake mumakhala mizere ya mphini, zina zakale zina zatsopano, umboni woti miyezi yapita akuthandizidwa ngati nyamakazi. Zimandiwawa mumtima, chifukwa mankhwala a TB ndi aulere, ndipo akanayamba msanga miyendo yake sikanafooka. Palinso likodzo. Amene amawedza ku Elephant Marsh kapena kulima m'madimba amadziwa za kukodza magazi, koma n'ochepa amene amadziwa kuti mazira a tizilombo take amatha kukafika mumtsempha waukulu wa msana n'kupha miyendo m'masiku ochepa. Matenda awiriwa sachizidwa ndi disiki yoikirira.

Choncho msana ukamapweteka limodzi ndi kutentha thupi, kuonda, kapena ululu wosagonetsa usiku, pitani ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, ku Montfort ku Nchalo, kapena ku Trinity ku Muona, ndipo muwauze zizindikiro zonsezo, osangoti "msana". Miyendo ikayamba kulemera, dzanzi likagwira pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ukatsekeka kapena ukamangotuluka wokha, musadikire kuti kuche. Mtsempha wopanikizika chonchi umafa msanga, ndipo anzanga a m'zipatalazi adzakutumizani ku chipatala cha Queen Elizabeth tsiku lomwelo.