WOSESA WOBISIKA M'THUPI LA NG'OMBE

Palabana, m'boma la Chongwe, ndi malo odziwika ndi maphunziro a kaweteredwe ka ng'ombe za mkaka. Mmodzi mwa adani a mlimi wa mkaka ndiye cifuwa cacikulu ca ng'ombe, cimene cimagwiranso munthu akamwa mkaka wosawiritsa.

Koma thupi siligonja msanga. M'maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomanga thupi la ng'ombe ndi la munthu, muli puloteni yochedwa p62. Nchito yace ndiyo kugwira zinyalala ndi tizirombo tolowa m'selo ndi kuzipereka kumene zikagayidwe. A Yoshinori Ohsumi a ku Japan analandira mphotho ya Nobel mu 2016 cifukwa counikira kasesedwe kameneka.

Akatswiri amapanga p62 m'nyumba zofufuzira. Amaika malangizo ace a cibadwa m'tizirombo ta E. coli, ndipo timeneti timaipanga yocuruka. Nayo amaphunzira m'mene tizirombo tina, monga ta cifuwa cacikulu, timazembera wosesayo.

Puloteniyi si mankhwala ai. Cotero alimi apimitse ng'ombe zao kwa alangizi a ziweto, ndipo amai awiritse mkaka asanamwetse ana.