Kuchira Matenda a Mtima M'makomboni a ku Lusaka

Mtima umadzidyetsa wokha kudzera m'mitsempha ing'onoing'ono yoyanga pamwamba pake. Umodzi mwa mitsemphayi ukatsekeka ndi mafuta komanso magazi oundana, chigawo cha mnofu wa mtima chimasowa mpweya n'kuyamba kufa. Munthu amamva ngati wina wamukhalira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ululu n'kumayenderera kudzanja lamanzere, kukhosi kapena kunsagwada. Wopulumuka amagona m'chipatala masiku owerengeka chabe, pomwe bala la mumtima limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti lipole n'kusanduka chipsera. Nthawi yonseyo wodwala amakhala ali kwawo, ndipo kwa anthu ambiri a ku Lusaka kwawoko ndi kukomboni.

Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Atsamunda ankaona anthu akuda ngati alendo obwera kudzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi, motero nyumba zowamangira zinali zochepa. Matero inamangidwa ndi akuluakulu a mzinda m'zaka za m'ma 1950, koma ambiri anadzimangira okha m'minda ya azungu ndi m'mbali mwa maenje okumbamo miyala. N'chifukwa chake makomboni ena, monga George, John Howard ndi John Laing, amatchedwa ndi mayina a eni malo kapena makampani akale. Lamulo la mu 1974 ndi lomwe linatsegula njira yoti boma livomereze malo otere n'kuyamba kulowetsamo misewu ndi madzi. Kanyama ili kumadzulo kwa tauni, Chawama kummwera, Matero ndi George kumpoto chakumadzulo, pomwe Kalingalinga ndi Mtendere zili kummawa, chakufupi ndi yunivesite ya UNZA.

Mmalawi wotsika basi yochokera ku Chipata sasowa wolankhula naye, poti chinenero cha m'misika ndi m'maminibasi ndi Chinyanja. Kungoti ndi Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Madzi amati manzi, makala ndi malasha, tsopano ndi manje, ndipo chomwe chikupweteka amati chibaba. Pa nkhani ya mtima pali msampha womwe uli mbali zonse ziwiri za malire: mawu akuti chifuwa, kapena chifuba m'kalankhulidwe ka ku Lusaka, amatanthauza chiwalo komanso kutsokomola. Wodandaula za chifuwa amathamangitsidwira mankhwala a chifuwa pakantemba, komwe ndi kaokala ka m'komboni, pomwe vuto lili mumtima.

Zipatala zili m'magawo. Ku Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli makiliniki. Ku Kanyama, Matero ndi Chawama, pamodzi ndi ku Chilenje ndi kukomboni ya Chipata, makiliniki akale anakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kukhala zipatala zogonekamo odwala. Matenda aakulu amatumizidwa ku University Teaching Hospital, ku chipatala cha Levy Mwanawasa, kapena ku National Heart Hospital komwe ndi chipatala cha mtima wokhawokha. Lamulo la mu 2018 linakhazikitsa inshulansi ya boma yoyendetsedwa ndi NHIMA, yomwe olembedwa ntchito amadulidwa pamalipiro. Anthu ambiri a m'komboni ndi odzilemba okha ntchito kapena amaganyu, ndiye amayenera kukalembetsa ndi kumalipira paokha.

Wodwala amatuluka m'chipatala ndi mapilitsi amitundu inayi kapena isanu. Aspirin ndi clopidogrel amaletsa magazi kuundananso, atorvastatin amatsitsa mafuta a m'magazi, carvedilol kapena bisoprolol amachepetsa liwiro la mtima, ndipo enalapril amatsitsa BP n'kuteteza mnofu wotsalawo. Clopidogrel kawirikawiri amamwedwa kwa chaka, ena mwa otsalawo moyo wonse. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Anthu anazolowera mankhwala a malungo, oti ukamwa masiku atatu wathana nawo, ndiye ululu ukatha amaona ngati achira. Koma amene anamuika kawaya kotsegula mtsempha akasiya mapilitsi oletsa kuundana kwa magazi, kawayako kakhoza kutsekeka mwadzidzidzi. Brufen ndi diclofenac, omwe amagulidwa mwachisawawa msana ukawawa, sayenera munthu wa mtima. Paracetamol ndiye wabwinoko. Mankhwala opatsa mphamvu abambo ndi oopsa kwambiri kwa amene anapatsidwa kapilitsi koika kunsi kwa lilime, chifukwa akakumana awiriwa BP imatsika zoti munthu n'kukomoka.

Dokotala akamati wodwala asanyamule zolemera, m'komboni tanthauzo lake loyamba ndi madzi. Nyumba zambiri zilibe mpopi, madzi amagulidwa pakiyosiki, ndipo chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Mayi amene wangotuluka m'chipatala akawerama n'kuchikweza pamutu atagwira mpweya, BP imakwera nthawi yomweyo, mtima wabala n'kukakamizika kupopa molimba. Masabata oyamba ntchito imeneyi ndi ya ana ndi achibale, pamodzi ndi kuchapa mabulangete ndi kukankha wilibala. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, ophwanya miyala, ndi onyamula matumba kumsika wa Soweto amafunika kudikira nthawi yaitali asanabwerere kuntchito kuposa wogulitsa tomato atakhala pansi. Dalaivala wa minibasi asabwerere pachiwongolero dokotala asanamulole.

Vuto lina ndi mbaula. Magetsi a ZESCO amadalira kwambiri madzi a ku Kariba, ndipo chilala cha mu 2024 chinathimitsa magetsi kwa maola ochuluka tsiku lililonse, anthu n'kumadalira mbaula. Mu June ndi July kukazizira, mabanja amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko. Mpweya wotuluka m'makala umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Umapha ngakhale wathanzi, ndiye wamtima wovulala umamupeza msanga. Fodya ndiye wosiyiratu, ndipo kachasu ndi chibuku cha m'mabala a m'komboni sizigwirizana ndi mapilitsi otsitsa BP.

Pa chakudya, komboni ili ndi mwayi womwe anthu ake sauwerengera. Chibwabwa, womwe ndi nkhwani, kalembula yemwe ndi kholowa, bondwe yemwe ndi bonongwe, nyemba, therere ndi ndiwo zotendera zotchedwa ifisashi ndi zakudya zoyenera mtima, ndipo n'zotsika mtengo kuposa soseji. Chovuta ndi mchere ndi mafuta ophikira, omwe kumeneko amati saladi. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kapenta wouma ndi nsomba zoumitsa ndi mchere zimafunika kuviika ndi kutsuka, timibulu tokometsera ndiwo tili ndi mchere wambiri, ndipo mbale ya mchere isamaikidwe pambali pa nsima. Vitumbuwa ndi tchipisi zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza n'zongolawa mwa apo ndi apo. Poto wa banja ndi mmodzi, motero chosavuta n'chakuti onse adye mchere wochepa.

Kugona tsiku lonse sikuchiritsa mtima, ngakhale achibale achikondi amakakamiza zimenezo. Wodwala amayamba ndi mphindi 5 kapena 10 kuzungulira pabwalo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka mphindi 30 masiku ambiri pasabata, paliwiro loti akhoza kucheza akuyenda. Lusaka ndi wathyathyathya, alibe zitunda za ku Ndirande. Koma ku Kanyama thanthwe lili pafupi ndi nthaka, ndipo dzinja madzi amasefukira m'tinjira n'kusakanikirana ndi a m'zimbudzi. Kolera anavuta kumeneko mu 2017 ndi 2018, n'kubweranso mwamphamvu mu 2023 ndi 2024. Wamtima akatsegula m'mimba athamangire kuchipatala, poti thupi likauma, mapilitsi a BP akhoza kuvulaza impso.

Odzazonda amabwera ambiri: a kumpingo, aneba, a m'gulu la chilimba chomwe ndi chiperegani. Amatonthoza, nthawi zina n'kusiya ya mankhwala, koma amatopetsanso, ndipo pakati pawo sipalephera wina wobwera ndi zitsamba kapena wonena kuti mapemphero akwana, mapilitsi atayidwe. Mantha ndi kukhumudwa zimagwira ambiri, makamaka bambo amene ankadyetsa banja ndipo lero akuona lendi ikuyandikira ali pampando. Zikapitirira masabata angapo, n'zoyenera kuuza dokotala patsiku lokaonedwanso.

Zizindikiro zosadikira tsikulo ndi izi: ululu wa pachifuwa wosaleka munthu atapuma mphindi zingapo, kubanika pogona chagada, kutupa mapazi, kukomoka, kapena chimbudzi chakuda ngati phula chosonyeza kuti magazi akutuluka m'mimba. Poti galimoto siifika pakhomo lililonse m'tinjira ta ku George kapena ku Chawama, banja limafunika kusungiratu nambala ya woyendetsa takisi wapafupi, ndalama yake yapadera, ndi kabuku ka kuchipatala pamalo odziwika ndi aliyense m'nyumba.